Masipika akang'ung'udza, musathyole mwendo wachitatu wa pulagi

Zokolola zikangolowa m'nyumba, Loweruka silipita pachabe m'madera a Madziabango, Chileka ndi Lirangwe m'boma la Blantyre. Uku chinkhoswe, uko ukwati, kwinaku msonkhano wa chitsitsimutso pabwalo la sukulu. Ndipo mwambo sukoma popanda zokuzira mawu: masipika awiri aakulu ngati migolo, ampulifaya, maikolofoni ndi mnyamata woika nyimbo atawerama pa laputopu yake.

Amene adakhalapo m'komiti ya ukwati akudziwa momwe mtima umadumphira zipangizozi zikangoyatsidwa n'kuyamba kulira kuti huuuu, ngati bemberezi walowa m'sipika. Woyendetsa mwambo akuyankhula koma mawu ake akumira. Akuchimuna ayamba kuyang'ana akuchikazi, poti ndiwo adapeza mnyamatayo. Nthawi ya perekaniperekani nayo ikutha.

Apa mpamene pamatulukira katswiri wa pompopompo. Amatenga pulayala n'kuthyola mwendo wautali wa pulagi ya ampulifaya, kapena kumasula waya wobiriwira mkati mwake. Phokoso lija limaleka, anthu n'kumuombera m'manja. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mwendo wathyoledwawo ndiwo udali kuteteza moyo wa aliyense wogwira maikolofoni tsikulo, kuyambira abusa mpaka mkwatibwi.

Nkhani yonseyi yagona pa lamulo limodzi limene akatswiri okonza zipangizo zamagetsi amalitsata, kuyambira pa kabolodi kobiriwira ka mkati mwa wailesi kufikira pa mawaya a m'nyumba mwanu. Lamuloli likuti njira zimene magetsi amabwerera zisiyanitsidwe, koma zikumane pamalo amodzi okha.

Magetsi amabwerera kwawo

Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Magetsi nawo ngotero. Amene timagwiritsa ntchito m'nyumba, ambiri mwa iwo ochokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, amafika pa thiransifoma ya Escom m'dera lathu, n'kulowa m'nyumba pa mphamvu ya ma volt 230. Akagwira ntchito mu babu kapena mu wailesi sathera pomwepo. Amayenera kubwerera ku thiransifomayo. N'chifukwa chake chipangizo chilichonse chimafuna mawaya osachepera awiri, wobweretsa ndi wobweza.

Mkati mwa ampulifaya, wailesi kapena foni nkhani ndi yomweyo. Mukatsegula mumaona bolodi yokhala ndi tinjira ta mkuwa tolumikiza tizipangizo tambirimbiri. Tina mwa tinjirati timabweretsa magetsi, tina timabweza. Njira yobwezayi amisiri amaitcha ground, ndipo pa bolodi imalembedwa kuti GND.

Vuto ndi lakuti magetsi oyenda m'chipangizo chimodzi safanana. Mu ampulifaya muli magulu atatu. Loyamba ndi la mawu ochokera ku maikolofoni. Awa ndi magetsi ofooka kwambiri, ma millivolt owerengeka chabe, ndipo millivolt imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a volt. Lachiwiri ndi la magetsi amphamvu okankha masipika. Lachitatu ndi la tizigawo towerenga nyimbo za pa fulashi kapena kulandira Bluetooth, timene timazima ndi kuyaka kambirimbiri pa sekondi imodzi, motero timatulutsa phokoso lathu lathu losamveka ndi khutu mpaka litalowa m'njira ya mawu.

Magulu atatuwa onse amafuna njira yobwerera. Funso ndi lakuti, kodi adutse m'ngalande imodzi?

Mlimi wa kudimba akudziwa yankho. Mukalumikiza kangalande kothirira nazale ndi ngalande yaikulu yotaya madzi a mvula, tsiku limene mvula yagwa yambiri madzi a m'ngalande yaikulu amasefukira ku nazale, mbande n'kukokoloka.

Masamu ake ndi awa. Mkuwa umadutsitsa magetsi bwino, komabe umawakaniza pang'ono. Kanjira ka pa bolodi wamba kotalika masentimita 2, kotambalala milimita imodzi, kamakaniza ndi mlingo wa pafupifupi 0.01 ohm. Ampulifaya yopereka ma watt 100 ku sipika ya ma ohm 4 imayendetsa ma ampere 5. Mukachulukitsa 5 ndi 0.01 mumapeza 0.05 volt, amene ndi ma millivolt 50. Ndiye kuti ngati magetsi obwerera kuchokera ku sipika adutsa m'kanjira komweko kamene mawu a maikolofoni akudalira, zinyalala zotsalira m'kanjirako zimaposa mawu enieniwo kangapo. Ampulifaya sidziwa kusankha. Imakuza zonse, mawu ndi zinyalala zomwe.

Nkhoswe ya pa bolodi

Pofuna kupewa zimenezi, wokonza bolodi amapatsa gulu lililonse njira yakeyake yobwerera ndi dzina lake. Mukayang'anitsitsa pa mabolodi ena muona malemba ang'onoang'ono: AGND ya mawu ofooka, DGND ya tizigawo ta fulashi ndi Bluetooth, PGND ya magetsi amphamvu.

Komatu njirazi sizingasiyane kotheratu. Zigawo za chipangizo chimodzi zimatumizirana mauthenga, ndipo kuti zimvane ziyenera kugwirizana poyambira kuyeza. Zili ngati ogulitsa chimanga awiri pamsika wa Lirangwe: ngati sikelo ya wina ikuyambira pa ziro pamene ya mnzake ikuyambira pa theka la kilogalamu, malonda sangayende. Choncho njira zobwererazo zimalumikizidwa, koma pamalo amodzi okha osankhidwa bwino. Mu ampulifaya zambiri malowa amakhala pafupi ndi ma capacitor aakulu osunga magetsi. Njira zonse zimathera pamenepo monga nthambi zikumana pa thunthu, ndipo magetsi a gulu lina sadutsa m'njira ya gulu linzake.

Ndi momwenso ukwati umayendera kwathu kuno. Banja la kuchimuna lili ndi nkhani zake, la kuchikazi lilinso ndi zake. Mabanja awiriwa ndi olumikizana ndithu, koma khomo lodutsira nkhani ndi limodzi, la ankhoswe. Pakangotseguka khomo lachiwiri, apongozi n'kumakatula madandaulo kwa alamu, nkhani imayamba kuzungulira ndipo m'nyumba mumadzaza phokoso.

Masiku ano mabolodi amajambulidwa pa kompyuta. Imodzi mwa mapulogalamu otchuka ndi KiCad, yomwe adaiyambitsa Jean-Pierre Charras wa ku France mu 1992, ndipo aliyense akhoza kuitenga pa intaneti mwaulere. Mapulogalamu otere ali ndi khalidwe limodzi: mukalumikiza njira ziwiri za maina osiyana, amaziona ngati zasanduka njira imodzi, kapena amakuchenjezani kuti mwalakwitsa. Akaziona ngati imodzi, amazilumikiza paliponse pamene zayandikana, cholinga chonse chozisiyanitsa n'kufera pomwepo.

Pothana ndi vutoli pali kachipangizo kotchedwa net tie. Kunena zoona si chipangizo chogula kusitolo, koma kachidutswa ka mkuwa kojambulidwa pa bolodi pomwepo, kokhala ndi mapeto awiri. Mapeto amodzi amagwira AGND, enawo amagwira DGND. Pulogalamu imapitiriza kuona njira ziwiri zosiyana, pamene pa bolodi yeniyeni zakumana pa kachidutswako basi. Ameneyu ndiye nkhoswe wa pa bolodi.

Ena m'malo mwake amaikapo resistor yolembedwa 0 kapena 000, kusonyeza kuti sikaniza magetsi. Ubwino wake ngwakuti mmisiri akhoza kuichotsa poyeza mbali iliyonse payokha, kenako n'kuibwezera. Enanso amaikapo kamkanda kakuda kotchedwa ferrite, kamene kamalola magetsi wamba kudutsa koma kamatsekereza phokoso lothamanga kwambiri.

Akatswiri sagwirizana pa zonse. Malemu Henry Ott wa ku America, amene adagwira ntchito ku Bell Labs ndipo adalemba mabuku odziwika pa nkhani ya phokoso m'zipangizo zamagetsi, adaphunzitsa kuti pa mabolodi othamanga kwambiri, monga a makompyuta ndi mafoni, kawirikawiri ndi bwino kusiya chipepala chimodzi chachikulu cha mkuwa chosadulidwa, n'kungoika zigawo zaphokoso kutali ndi zigawo za mawu ofooka. Chifukwa chake n'chakuti magetsi othamanga amakonda kubwerera pansi penipeni pa kanjira kamene adzera. Akapeza mpata wodulidwa amazungulira mtunda wautali, phokoso n'kuwonjezeka. Koma onse amavomerezana pa mfundo imodzi: wokonza bolodi adziwe njira imene magetsi aliwonse abwerere, ndipo ngati wasiyanitsa njirazo, kanjira ka uthenga kasadumphe mpatawo kupatula pamalo olumikizira paja.

Pabenchi ya mmisiri

Izi zikukhudza mwachindunji amisiri okonza mawailesi, ma TV ndi mafoni m'makhonde a masitolo m'misika yathu. Ambiri adaphunzira ntchitoyi poonerera ndi pomasulamasula zipangizo zakufa, ndipo luso lawo n'losakayikitsa. Koma mmisiri wosadziwa za lamuloli akaona mpata wowongoka bwino pakati pa zigawo ziwiri za mkuwa, akhoza kuganiza kuti bolodi yaduka. Amadonthezapo mtovu kapena kulumikizapo kawaya. Ampulifaya imayaka ndithu, mwini wake n'kulipira, koma kufika nayo kutchalitchi Lamulungu yayamba kung'ung'udza. Zoterezi zimachitikanso poika kagawo ka Bluetooth mu ampulifaya yakale: waya wake wa ground akangomangidwa paliponse pamene pali pafupi, mluzu wopyapyala umamveka nyimbo ikangotha.

Palinso mpata wina umene kuulumikiza n'kuitana maliro. Pa bolodi ya magetsi ya TV, ya dikoda kapena ya tchaja ya foni pamakhala mzere wogawa bolodiyo pawiri, nthawi zina mbali imodzi italembedwa HOT, inayo COLD. Mbali ya HOT ndi yolumikizana ndi ma volt 230 a pakhoma, ndipo ground yake ikhoza kupha munthu. Mbali ya COLD ndi imene imafika ku chingwe cha foni, ku mlongoti ndi m'manja mwanu. Mphamvu imawoloka mpatawu kudzera m'kathiransifoma, osati pa waya. Apa nkhoswe wa mkuwa saloledwa ngakhale mmodzi. Matchaja otchipa kwambiri nthawi zambiri amachepetsa mpatawu pofuna kusunga ndalama, ndipo chinyezi kapena nyerere zikalowamo magetsi a pakhoma akhoza kufika pa foni imene mwana akuseweretsa.

Kumene bemberezi amachokera

Tibwerere ku ukwati kuja. Ampulifaya yabwinobwino, imene mkati mwake zonse zidakonzedwa molondola, ikhoza kung'ung'udzabe chifukwa cha momwe yalumikizidwira kunja.

Tiyerekeze kuti ampulifaya yabayidwa pa soketi ya kumbuyo kwa holo, pamene mikisa kapena laputopu yabayidwa pa soketi ina kutsogolo. Zonse ziwiri zili ndi waya wa ethi wopita kukhoma. Pakati pawo palinso chingwe cha mawu, chimene chikopa chake chachitsulo chimalumikiza ground ya uku ndi ya uko. Tsopano zipangizo ziwirizi zakumana pawiri, kudzera kukhoma komanso kudzera pa chingwe cha mawu. Njirayo yasanduka mkombero.

Ethi wa soketi ziwiri zotalikirana safanana ndendende, makamaka ngati pa mzere womwewo pali filiji kapena makina ena. Kusiyana pang'onoko kumayendetsa magetsi mozungulira mkombero uja, ndipo gawo lina la ulendowo ndi chingwe cha mawu. Magetsi a Escom amasinthasintha mbali maulendo 50 pa sekondi, ndipo kulira kwa huuuu kumene mumamva ndi liwu la kusinthasintha kumeneku. Si ufiti, si nsanje ya amene sadaitanidwe.

Wothyola mwendo wa pulagi amadula mkomberowo, n'chifukwa chake phokoso limaleka. Koma wadula malo olakwika. Mwendo wautaliwo umalumikiza bokosi lachitsulo la ampulifaya ndi nthaka. Tsiku limene waya wamoto adzakhudza bokosilo mkati, magetsi ochuluka amathamangira ku ethi, fyuzi n'kuphulika kapena buleka n'kugwa, anthu n'kupulumuka. Mwendowo ukachoka, bokosi limakhala ndi ma volt 230 mwakachetechete, pamodzi ndi chitsulo cha maikolofoni yolumikizidwa nalo. Njira yopita pansi imene yatsala ndi munthu woimirira pa simenti kapena pa dothi lonyowa. Magetsi ochepa kwambiri kuposa amene ayironi imakoka ndi okwanira kusokoneza kugunda kwa mtima.

Izi zidachitikapo. Pa 3 May 1972, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, Les Harvey, adafa anthu akuona mumzinda wa Swansea ku Wales atagwira maikolofoni imene ethi wake sadali bwino. Adali ndi zaka 27. Pa 30 October 2005, mbusa Kyle Lake wa mumzinda wa Waco ku Texas m'dziko la America adagwidwa ndi magetsi n'kumwalira atagwira maikolofoni ali m'madzi obatiziramo, mpingo wonse ukuona. Adali ndi zaka 33. Mipingo imene imabatiza momiza m'madzi idziwe kuti munthu woimirira m'madzi sayenera kugwira maikolofoni ya chingwe.

Mankhwala enieni a bemberezi ngosavuta. Choyamba, zipangizo zonse za mawu zibayidwe pa soketi imodzi kudzera pa ekisitenshoni yabwino ya miyendo itatu, malinga ngati soketiyo ingakwanitse katunduyo. Mukatero ethi wa zonse wakumana pamalo amodzi, monga zimakhalira pa bolodi. Chachiwiri, zingwe za mawu zisayende moyandikana ndi zingwe za magetsi, ndipo pamene zikuyenera kudutsana zipingasane. Chachitatu, pa mtunda wautali gwiritsani ntchito zingwe za mapini atatu zotchedwa XLR, zimene zidapangidwa kuti zizikana phokoso. Chachinayi, ngati laputopu ndiyo ikubweretsa vuto, yesani kuichotsa pa tchaja iyendere batire. Phokoso likaleka, gulani kabokosi kotchedwa DI box kapena isolator, kamene kamadula mkombero pa chingwe cha mawu osakhudza ethi wa chitetezo.

Lamulo lomwelo m'nyumba

M'nyumba yolumikizidwa bwino muli mawaya atatu. Wamoto amakhala wofiira kapena wa bulawuni. Wobweza, amene amisiri amati neutral, amakhala wakuda kapena wa buluu. Wa ethi amakhala wobiriwira, wobiriwira ndi chikasu, kapena mkuwa wosavala. Neutral ndi ethi amakumana kochokera magetsi, ndipo kuyambira pa bokosi la mabuleka kulowa m'zipinda aliyense amayenda njira yake. Neutral amanyamula magetsi tsiku ndi tsiku. Ethi amakhala chete kudikira tsiku la ngozi.

Amisiri ena achidule, pofuna kusunga ndalama ya waya wachitatu, amalumikiza ethi ndi neutral kuseri kwa soketi. Poyamba zonse zimaoneka bwino. Koma tsiku limene neutral adzamasuka penapake m'denga, magetsi obwerera adzadzera m'bokosi la filiji, la ketulo kapena la kuka. Amayi amene amati filiji yawo imawagwira akapita osavala nsapato asazitenge ngati nthabwala. Limenelo ndi chenjezo, ndipo chofunika n'kuzimitsa chipangizocho ndi kuitana mmisiri.

Palinso chizolowezi chobaya cholembera kapena kamtengo pa bowo lapamwamba la soketi kuti pulagi ya miyendo iwiri ilowe. Zipangizo zina zidapangidwadi kuti zisafune ethi, ndipo mumazidziwa ndi chizindikiro cha kabokosi mkati mwa kabokosi kanzake. Koma chipangizo cha bokosi lachitsulo chimene chidabwera ndi mawaya atatu chimafuna onse atatu. Chikabwera ndi pulagi ya ku South Africa ya miyendo yozungulira, musinthe pulagi yonse moyenera, osati kulowetsa mawaya awiri osavala m'soketi.

Kunja kwa nyumba kumakhala chitsulo chokhomedwa m'nthaka, cholumikizidwa ndi waya wa ethi. Eni nyumba aziyang'ana ngati waya ameneyu adakalipo, poti ena amadula polima m'mbali mwa khoma, ndipo akuba mkuwa samusiya. Escom yakhala ikudandaula kwa zaka zambiri za kubedwa kwa mafuta ndi mawaya pa mathiransifoma. Wakuba waya wa ethi pa thiransifoma amaika pachiswe mudzi wonse, kuphatikizapo abale ake.

Bungwe la Mera, limene lidakhazikitsidwa potsatira lamulo la 2004, ndilo limapereka ziphaso kwa oika magetsi m'nyumba. Musanapatse munthu ntchito, mufunseni chiphaso. Mufunsenso za buleka yoteteza anthu, yolembedwa 30mA, imene imagwa yokha magetsi akayamba kudutsa njira yosayenera. Buleka yotere imakhala ndi kabatani koyesera, ndipo ndi bwino kukadina nthawi ndi nthawi kuti muone ngati ikugwabe. Safunsa adadya phula.

Nawo achinyamata amene amakonda kumasula mawailesi asaope nkhaniyi. Bolodi yakufa ya ampulifaya ndi buku laulere, malinga ngati yachotsedwa pamagetsi ndipo ma capacitor ake atsitsidwa mphamvu ndi munthu wodziwa. Tsatirani tinjira ta mkuwa ndi maso, pezani pamene palembedwa AGND ndi PGND, kenako fufuzani pamene zakumana. Amene wapeza malo amenewo wayamba kuganiza ngati amene adaijambula.

Ndipo inu a komiti ya ukwati, mnyamata wa zokuzira mawu akafika m'mawa, musangofunsa kukula kwa masipika ndi nyimbo zimene wabweretsa. Weramani muyang'ane mapulagi ake. Mukapeza ya miyendo iwiri pamene payenera kukhala itatu, muuzeni akonze mwambo usanayambe.